Mayi amene anapeza dongosolo m'chisokonezo cha khansa ya m'magazi

M'chaka cha 1972, m'nyumba ina ya ku Hyde Park mumzinda wa Chicago ku America, tebulo lodyera linkagwiranso ntchito ina. Mayi wa panyumbapo, Dr. Janet Rowley, ankabwera ndi zithunzi kuchokera kuntchito, n'kuziyala patebulopo, n'kutenga sizasi. Pachithunzi chilichonse pankaoneka tinthu tambirimbiri tonga timphutsi, tina tatitali, tina tatifupi, titamwazikana ngati mpunga wotayika pansi. Iwo ankadula kamodzikamodzi n'kumatindandalika tiwiritiwiri, kuyambira tatikulu mpaka tating'ono. Ana awo ankawaseka kuti amalandira malipiro chifukwa chosewera ndi zidole zamapepala. Anali ndi zaka 47, ndipo kuntchito ankapitako masiku atatu okha pamlungu.

Patebulo limenelo anaonapo chinthu chimene chinasintha mmene madokotala amamvera khansa. Kuti kukula kwa nkhaniyi kumveke, tiyambe ndi magazi enieniwo.

Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta ofewa aja amene timatsopa tikamadya fupa la ng'ombe. M'menemo muli maselo oyambirira (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi) amene amagawikana, n'kumakula, n'kukhwima kukhala mitundu itatu: maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera amene ambiri timawatchula kuti asilikali a m'thupi, ndi timaselo tothandiza magazi kuundana munthu akadzicheka. Khansa ya m'magazi, imene achipatala amati leukemia, imayamba pamene selo limodzi la m'mafupamo lasiya kumvera. Limangoswana osalekeza, ndipo nthawi zambiri ana ake sakhwima n'kufika pogwira ntchito. Akadzaza m'mafupa, maselo abwino amasowa malo. N'chifukwa chake wodwala amayera m'maso ndi m'manja, amatopa ndi kantchito kochepa, amatentha thupi pafupipafupi, amatuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno, ndipo ena kapamba amatupa mpaka kumveka ndi dzanja kumanzere kwa mimba. Nthendayi ili mitundumitundu. Ina ndi yaukali, yotha munthu m'milungu yochepa ngati salandira chithandizo. Ina imayenda pang'onopang'ono kwa zaka.

Nanga selo limamvera chiyani? M'kati mwa selo lililonse muli malangizo olembedwa pa ulusi wautali wotchedwa DNA. Chigawo cha ulusiwu chimene chili ndi langizo limodzi chimatchedwa jini. Mawuwa asasokonezedwe ndi majini a mizimu. Awa ndi malangizo chabe, onena mmene selo lipangire zinthu zimene likufuna. Ulusiwo sukhala umodzi. Unadulidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo, ndipo akatswiri anawapatsa manambala kuyambira 1 mpaka 22, kuphatikizapo X ndi Y amene amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Timphutsi timene mayi Rowley ankadula tija tinali makromozomu a odwala khansa ya m'magazi.

Chisokonezo chimene aliyense ankachiona

Maganizo akuti khansa imachokera ku makromozomu owonongeka sanayambe ndi iwo. Katswiri wa ku Germany, Theodor Boveri, analemba zimenezi mu 1914, koma analibe zida zotsimikizira. Ngakhale chiwerengero chenicheni cha makromozomu a munthu chinadziwika mochedwa: kwa zaka zambiri mabuku ankati ndi 48, mpaka mu 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anawerenga bwino ku Sweden n'kupeza 46.

Anthu atayamba kuyang'ana maselo a khansa pa maikulosikopu, anapeza chipwirikiti. Makromozomu ena anali othyoka, ena osowa, ena owonjezereka. Ambiri anagamula kuti zimenezi ndi zotsatira chabe. Nyumba ikapsa mumapezamo phulusa ndi malata opindika, koma phulusalo silikuuzani chimene chinayatsa moto. Nthawi imeneyo ndalama zambiri za kafukufuku ku America zinkapita kofufuza mavairasi, poti zinali zitadziwika kale kuti vairasi ina imayambitsa chotupa mu nkhuku ndipo ina imayambitsa leukemia mu mbewa.

Panali chinthu chimodzi chokha chosagwirizana ndi maganizo amenewo. Mu 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia anayang'ana magazi a odwala 7 a mtundu umodzi wa khansa yoyenda pang'onopang'ono, yotchedwa chronic myeloid leukemia kapena CML. Mwa onsewo anapezamo kromozomu imodzi yaing'ono modabwitsa, ngati yoduka mchira. Inatchedwa Philadelphia chromosome potengera mzindawo. Aliyense ankaganiza kuti chidutswa chodukacho chinangotayika, ndipo kwa zaka zoposa 10 nkhaniyo inaima pomwepo, ngati chodabwitsa cha nthenda imodzi yokha.

Njira imene mayi Rowley anadzera kuti afike pa funsoli inali yokhotakhota. Anabadwa pa 5 April 1925 ku New York, dzina lawo lili Janet Davison, n'kukulira ku Chicago. Ali ndi zaka 15 anapeza mwayi wa maphunziro pa University of Chicago. Atafunsira malo kusukulu ya udokotala anauzidwa kuti adikire, chifukwa pa ophunzira 65 malo a akazi anali 3 okha ndipo anali atatha. Anadikira, analowa chaka chotsatira, ndipo anamaliza mu December 1948. Tsiku lotsatira anakwatiwa ndi mnzawo wa kusukulu ya udokotala, Donald Rowley. Anabereka ana aamuna anayi, ndipo anasankha okha kuti azigwira ntchito masiku ochepa kuti alere anawo. Kwa zaka zingapo ankaona ana obadwa ndi mavuto a kakulidwe ka ubongo pachipatala china cha ku Chicago, ena mwa iwo a Down syndrome. Mu 1959 akatswiri a ku France atapeza kuti ana amenewa ali ndi kromozomu imodzi yowonjezera, mayiwa anachita chidwi: nthenda imene ankaiona tsiku ndi tsiku inali ndi chiyambi chimene munthu angathe kuchiona ndi diso.

Mu 1961 amuna awo anapita ku Oxford ku England kwa chaka chimodzi, ndipo iwo anapezerapo mwayi wophunzira kayang'anidwe ka makromozomu. Atabwerera mu 1962 anapita kwa Leon Jacobson, katswiri wa matenda a magazi pa yunivesite yawo ija, n'kupempha maikulosikopu, kachipinda kotsukira zithunzi ndi malipiro okwanira kulipira wolera ana. Anawapatsa, ndipo madokotala anayamba kuwatumizira mafuta a m'mafupa a odwala leukemia kuti aziwayang'ana. Kwa zaka pafupifupi 10 ankayang'ana n'kumalemba zimene aona, koma vuto linali lomwe lija la aliyense: utoto wa nthawi imeneyo unkadetsa kromozomu yonse mofanana. Ankangoisiyanitsa ndi kutalika kwake komanso pamene pali chiuno chake. Makromozomu a pakatikati, kuyambira 6 mpaka 12, ankaoneka ngati mapasa.

Mizere

Chimene chinatsegula chitseko ndi utoto watsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Torbjörn Caspersson ndi Lore Zech a ku Stockholm anapeza kuti ukapaka makromozomu utoto wochokera ku quinacrine, mankhwala akale a malungo, n'kuwaunika ndi kuwala kwapadera, amaonetsa mizere yowala ndi yakuda yopingasa. Kromozomu iliyonse ili ndi mizere yakeyake, yosasintha mwa munthu aliyense. Posakhalitsa kunabweranso njira ina yogwiritsa ntchito utoto wa Giemsa, womwe uja amapakira magazi poyeza malungo pa maikulosikopu. Mayi Rowley anaphunzira njira zimenezi atapitanso ku Oxford mu 1970 ndi 1971.

Ntchito yake inali yamanja ndi yamaso. Ankatenga maselo a m'mafupa, n'kuthiramo mankhwala oimitsa selo pakati pa kugawikana, poti ndi nthawi yokhayo pamene makromozomu amakulungana n'kuoneka bwino. Kenako ankawaviika m'madzi a mchere wochepa kuti afufume, n'kuwadonthezera pa kagalasi kuti aphulike, makromozomu abalalike. Akapaka utoto ankasaka selo lomwazika bwino, kulijambula, kutsuka chithunzi, kudula ndi kundandalika. Wodwala mmodzi ankafunika maselo angapo, chifukwa chimene waona m'selo limodzi chikhoza kukhala ngozi ya pagalasi. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito iyi mwambiwu ndi woona ndendende.

Choyamba chimene anapeza chinali mwa odwala awiri a khansa yaukali yotchedwa acute myeloid leukemia, AML. Kromozomu 8 inali yafupika, 21 yatalika, ndipo mizere ya pa chidutswa chowonjezera cha 21 inali ya 8. Yerekezerani kuti telala ali ndi zitenje ziwiri zosiyana maluwa. Wadula m'munsi mwa chilichonse, n'kusoka chidutswa cha ichi pa icho, cha icho pa ichi. Nsalu sinatayike ngakhale pang'ono, koma zitenje zonse ziwiri zasintha, ndipo pamsokopo pakumana maluwa amene sanayenera kukumana. Kusinthana zidutswa kumeneku kumatchedwa translocation, ndipo akatswiri amakulemba mwachidule kuti t(8;21).

Anatumiza zimene anapezazo ku magazini yotchuka ya madokotala, New England Journal of Medicine, koma anaikana nkhaniyo. Inatuluka mu 1973 m'magazini ya ku France, Annales de Génétique. Pamene zimenezi zinkachitika n'kuti iwo atatembenukira kale ku CML. Atayang'ana mizere ya odwala 9, anapeza kuti mchira wa kromozomu 22 uja, umene anthu ankati unatayika, unalipo ndithu: unali utamatirira kunsonga kwa kromozomu 9. Nkhaniyi inatuluka m'magazini ya Nature mu 1973. Mu 1977, pamodzi ndi anzawo a ku Chicago, anapezanso kachitatu: mtundu wina wa AML wotchedwa acute promyelocytic leukemia, APL, umayendera limodzi ndi kusinthana kwa 15 ndi 17.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ine ndimaona kuti luso lawo lalikulu silinali la maso okha ayi koma la kuganiza. Ngati kuwonongeka kwa makromozomu kukanakhala phulusa chabe, bwenzi wodwala aliyense ali ndi kuwonongeka kwakekwake. Koma apa munthu wa CML, kaya ndi wa kuti, anali ndi 9 ndi 22, zothyokera malo omwewo. Wa APL anali ndi 15 ndi 17. Msoko uliwonse unali ndi nthenda yake, yooneka mwa mtundu wake pa maikulosikopu, yoyenda mwa mtundu wake m'thupi. Chinthu chobwerezabwereza motero sichingakhale mwangozi. Mayi Rowley anaumirira kuti msokowo ndiwo ukuyatsa moto, ndipo pamalo othyokawo payenera kukhala majini ofunika. Analibe njira yowaonera majiniwo. Kwa zaka zingapo ankayenda m'misonkhano ya madokotala a magazi kunena zomwezi, anthu ambiri akumvetsera mwaulemu koma osakhulupirira kuti zili ndi ntchito pa bedi la wodwala.

Zimene zinapezeka pamsoko

Umboni unabwera kuchokera kwa anthu ofufuza mavairasi omwe aja. Mu 1970 Herbert Abelson anapeza vairasi yoyambitsa leukemia mu mbewa, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti jini yoopsa ya vairasiyo inali yobedwa ku maselo a mbewa yomweyo. Munthunso ali nayo jini yofanana nayo, yotchedwa ABL, ndipo imakhala pa kromozomu 9. Mu 1982 akatswiri a ku Netherlands ndi America, ena mwa iwo Nora Heisterkamp, John Groffen ndi Gerard Grosveld, anaonetsa kuti mwa odwala CML jini ya ABL imasamuka pa 9 kupita pa 22. Choncho kusinthanako kunali kwa mbali zonse ziwiri. Malo amene imakaterako anawatcha BCR, ndipo pofika 1985 zinadziwika kuti majini awiriwa amalumikizana n'kupanga jini imodzi yatsopano, BCR-ABL, imene mulibe m'selo labwinobwino.

ABL yabwinobwino imapanga puloteni, kachipangizo ka m'kati mwa selo, yogwira ntchito ngati mpopi. Thupi likafuna maselo ena, mpopi umatseguka, uthenga woti "gawikana" umadutsa, kenako umatsekeka. Mbali yotsekera ili kumutu kwa puloteniyo, ndipo m'pamene msoko umadula n'kuikapo chidutswa cha BCR. Chotsatira chake ndi mpopi wopanda chotsekera. Selo limangolandira uthenga umodzimodzi usana ndi usiku, ndipo maselo oyera amachuluka kuwirikiza kakhumi kapena kuposa. Mu 1990 George Daley, Richard Van Etten ndi David Baltimore anaika jini imeneyi m'maselo a m'mafupa a mbewa, ndipo mbewazo zinadwala nthenda yofanana ndi CML. Mtsutso wakuti chimayamba n'chiti unathera pomwepo.

Kale munthu akapezeka ndi CML ankayembekezera zaka zochepa chabe. Mankhwala monga busulfan ndi hydroxyurea ankatsitsa chiwerengero cha maselo oyera, wodwala n'kumamva bwino, koma patapita zaka zitatu, zinayi kapena zisanu nthendayo inkasanduka yaukali ndipo pamenepo panalibenso chochita chenicheni. Kumuika munthu mafuta a m'mafupa a m'bale wake kunkachiritsa ena, koma kunkafuna wodwala wachinyamata, m'bale wogwirizana naye magazi, komanso kunali koopsa pakokha.

Poti tsopano mpopi wowonongekawo unadziwika, funso linali lakuti kodi n'zotheka kuutseka wokhawo osakhudza ena. Ambiri ankakayika, chifukwa thupi lili ndi mapuloteni mazanamazana ofanana nawo. Pa kampani ya Ciba-Geigy ku Switzerland, imene pambuyo pake inakhala mbali ya Novartis, gulu la Nicholas Lydon linapanga mankhwala olowa m'kabowo kamene puloteniyo imalandirira mphamvu, n'kukatseka. Dokotala wa ku Oregon, Brian Druker, anawayesa pa maselo a odwala n'kuona kuti a khansa akufa, abwino akutsala. Kuyesa pa anthu kunayamba mu 1998. Mwa odwala 54 amene analandira mlingo wa mamiligalamu 300 kapena kuposa patsiku, 53 magazi awo anabwerera mwakale m'milungu yochepa. Boma la America linavomereza mankhwalawa, imatinib, odziwikanso kuti Gleevec kapena Glivec, mu May 2001. Kafukufuku amene anatsatira odwala kwa zaka pafupifupi 10 anapeza kuti oposa 80 pa 100 alionse anali moyo, ambiri akungomwa piritsi tsiku lililonse n'kumapita kuntchito.

Kuchokera patebulo lija kufika pa piritsi limeneli panadutsa zaka pafupifupi 30 ndi manja a anthu ambiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi Rowley sanapange mankhwala alionse. Chimene anachita ndi kuloza pamalo enieni pofunika kukumba.

Nkhani ya APL inayenda mosemphana: mankhwala anayamba kupezeka, chifukwa chake n'kudziwika pambuyo. Nthenda imeneyi inali yoopsa kuposa mitundu ina yonse ya leukemia, chifukwa imasokoneza kuundana kwa magazi ndipo munthu amatha kumwalira m'masiku ochepa ndi kukha magazi, nthawi zina mu ubongo. M'zaka za m'ma 1980 ku Shanghai, gulu la Wang Zhenyi linapatsa odwala mankhwala ochokera ku vitamini A otchedwa ATRA. M'malo mofa, maselo a khansa anayamba kukhwima, n'kukalamba, n'kufa imfa yachibadwa ngati maselo ena onse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti pamalo othyoka a kromozomu 17 pali jini imene imalandira uthenga wa vitamini A womwewo, ndipo msoko wa 15 ndi 17 umaigonthetsa. Mankhwala ochuluka amaikakamiza kumvanso. Madokotala a ku Harbin, ku China komweko, anali atapezanso kuti arsenic, poizoni wodziwika kuyambira kale, amathandiza pa nthenda yomweyi akaperekedwa pa mlingo woyenera. Lero awiriwa akaphatikizidwa, odwala oposa 90 pa 100 alionse amene nthenda yawo si ya m'gulu loopsetsetsa amachira, bola apezeke msanga. Ndipo chimene chimatsimikizira dokotala kuti uyu ndi wa APL, osati AML ina, ndi msoko uja wa 1977.

Pali chinthu chimene ndikufuna chimveke bwino, poti mawu akuti majini ndi makromozomu amachititsa anthu kuganiza za kumtundu. Kusinthana zidutswa kumeneku munthu sabadwa nako mwa kutengera kwa makolo, ndipo sapatsira ana ake. Kumachitika m'selo limodzi la m'mafupa pa nthawi ina ya moyo, pamene ulusi wa DNA waduka n'kulumikizidwa molakwika. Maselo ena onse a munthuyo, a khungu, a ubongo, a mbewu yoberekera, ali bwinobwino. Si nthenda yopatsirana, si tsoka la banja, ndipo palibe amene anam'chita chipongwe wodwalayo. Mabanja ambiri amagawanika pofunafuna wolakwa pamene wolakwayo palibe.

Kwathu kuno nkhani ya misoko imeneyi si yachilendo monga mmene ingamvekere. Imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo ndi Burkitt lymphoma, khansa ya maselo oyera a chitetezo, ija imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana mofulumira, m'milungu yowerengeka. Dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda, ndipo anaona kuti imapezeka kwambiri m'madera otentha a mvula yambiri, momwe malungo ali ponseponse. Mu 1976 Lore Zech, yemwe uja wa utoto, ndi anzake anaonetsa kuti maselo a chotupachi ali ndi kusinthana kwa kromozomu 8 ndi 14. Mu 1982 kunadziwika kuti jini yolimbikitsa selo kukula, yotchedwa MYC, imasamuka pa 8 n'kukakhala pafupi ndi majini opanga chitetezo cha m'thupi, amene m'maselo amenewa amakhala otseguka nthawi zonse. Malungo obwerezabwereza ndi vairasi ya Epstein-Barr zimakakamiza maselowo kugawikana kwambiri, mpata wa kulakwitsa n'kukula. Si mayi Rowley amene anapeza msoko umenewu, koma ndi mfundo yawo yomwe ija ikuoneka pa nkhope ya mwana wa m'wodi ya ana ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Iwo ndi gulu lawo anapezanso wina, wa 14 ndi 18, mu mtundu wina wa lymphoma wogwira akuluakulu.

Chimene chimandiwawa ndi mtunda umene uli pakati pa kudziwa ndi kulandira. Imatinib atangotuluka ankagulitsidwa pafupifupi madola 30,000 pachaka ku America, ndipo pofika 2012 mtengowo unali utapitirira madola 90,000, mpaka madokotala a CML oposa 100 analemba limodzi mu 2013 kudandaula. Chaka chomwecho khoti lalikulu la India linakana kupatsa Novartis umwini wa mtundu wa mankhwalawa umene inkafuna kuteteza, zimene zinalola makampani a kumeneko kupitiriza kupanga otsika mtengo. Kampaniyo, mogwirizana ndi bungwe la The Max Foundation, inakhazikitsanso ndondomeko yopereka mankhwalawa mwaulere m'maiko osauka, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Koma piritsi limeneli limagwira kokha pamene pali msoko wake. Kuli kofunika kuyeza kaye, ndiponso kumayeza nthawi ndi nthawi kuti zidziwike ngati nthenda ikugonja, chifukwa mwa odwala ena jini ija imasinthanso mankhwala n'kulephera kulowa m'kabowo kaja, ndipo pamafunika ena atsopano. Masiku ano sipafunikanso sizasi. Makina a GeneXpert, omwe aja amayezera makhololo a TB m'zipatala zathu, ali ndi katiriji yake yoyezera BCR-ABL m'magazi. Munthu wa kapamba wotupa amene wamwa mankhwala a malungo kangapo osasintha ayenera kuyezedwa kuchuluka kwa maselo a m'magazi, ndipo maselo oyera akapezeka okwera modabwitsa, funso la CML liyenera kufunsidwa.

Mayi Rowley anayamba kugwira ntchito mlungu wathunthu mu 1975, mwana wawo womaliza atasinkhuka, ndipo anakhala pulofesa mu 1977. Sanakhale pa zimene anapeza kale. Pamodzi ndi Michelle Le Beau ndi anzawo ena anafufuza nkhani yowawa ya anthu amene anachira khansa ina, kenako patapita zaka n'kudwala leukemia chifukwa cha mankhwala omwe anawachiritsawo. Anaonetsa kuti nayonso ili ndi dongosolo: gulu lina la mankhwala limasiya kromozomu 5 kapena 7 itaduka kapena itasowa, lina limathyola kromozomu 11 pamalo amodzimodzi. Pamene sayansi inasamuka kuchoka pa zithunzi kupita pa kuwerenga DNA yeniyeniyo, iwo ali ndi zaka za m'ma 60 anasintha labotale yawo n'kuphunzira njira zatsopanozo. Mu 1991 gulu lawo linapeza jini ya pamalo othyoka a kromozomu 11 aja n'kuitcha MLL. Jini imeneyi imasokedwa ndi anzake osiyanasiyana ambirimbiri, ndipo ndi imene imapezeka mwa makanda ambiri odwala leukemia asanakwanitse chaka chimodzi. Pambuyo pake ofufuza ena anapeza misoko yotereyi ngakhale m'zotupa zimene anthu ankati zilibe dongosolo: mu khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, mu 2005, ndi mu mtundu wina wa khansa ya m'mapapo mu 2007.

Ulemu unabwera mochedwa koma unabwera. Mu 1998 analandira mphoto ya Lasker pamodzi ndi Peter Nowell ndi Alfred Knudson, komanso National Medal of Science. Mu 2012 anagawana Japan Prize ndi Druker ndi Lydon. Mphoto ya Nobel sanalandire, ndipo ine ndimaona kuti anayenera. Kuyambira 2002 mpaka 2009 anali m'komiti yolangiza pulezidenti wa America pa za chikhalidwe m'kafukufuku wa zamoyo, ndipo sanabise kuti sankagwirizana ndi malire amene boma la George W. Bush linaika pa kafukufuku wa stem cell, maselo oyambirira amene amatha kusanduka maselo a mitundu yosiyanasiyana. Mu March 2009 anaima pambali pa Barack Obama pamene ankasaina kuchotsa malirewo, ndipo chaka chomwecho Obama anawaveka Presidential Medal of Freedom. Anthu a ku Hyde Park ankawadziwa ngati agogo a njinga yofiira, poti ankapalasabe kupita ku labotale ali ndi zaka zoposa 80.

Anamwalira kunyumba kwawo pa 17 December 2013 ali ndi zaka 88, atadwala khansa ya m'thumba la mazira, amuna awo atatsogola kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Jini ya MLL, imene tsopano imatchedwa KMT2A, inakhala yovuta kuposa BCR-ABL, chifukwa ilibe kabowo kosavuta kutseka, ndipo makanda okhala ndi msoko umenewu akhala akuvuta kuchiritsa. Ofufuza anapeza kuti puloteni yake siingagwire ntchito popanda kugwirana ndi ina yotchedwa menin, n'kupanga mankhwala olowa pakati pa ziwirizo. Oyamba a mtundu umenewu, revumenib, anavomerezedwa ku America mu November 2024, kuti aziperekedwa kwa akuluakulu ndi ana a chaka chimodzi kupita m'tsogolo amene leukemia yawo ya msoko umenewu yabwereranso kapena yakana mankhwala ena.